Munthu wa Makala pa Khoma Lathu

Mwana wanga wamkazi anasiya kulankhula chaka chomwe bambo ake anamwalira. Anali asanayambe shikola, mano akutsogolo atangoyamba kugwedera. Matenda atakula, atsibweni anga anati mwana asaone maliro, choncho tinamutumiza kwa akulu anga ku Ntengo-Wambalame, kumene ankakumba kachewere. Ali komweko tinaika maliro, tinameta, ndipo nyumba imene bambo ake anatsirizikiramo inagwetsedwa monga timachitira kwathu kuno ku Chidzolomondo. Anandimangira ina yaing'ono kuseri kwa chigafa cha fodya.

Mwana atabwerako anaima pabwinja paja nthawi yaitali. Atsibweni anamugwira paphewa nati, "Atate ako apita ku Tete kukagwira ntchito, iwe. Adzakubweretsera nsapato." Ndi mmene ana amauzidwira kwathu. Mwana sanalire, sanafunse kanthu. Kuyambira tsiku limenelo pakamwa pake panatsekeka. Kudya ankadya, ukamutuma ankapita, koma mawu ayi.

Kenaka pakhoma la nyumba yatsopano panayamba kuoneka munthu. Ndinamupeza m'mawa wina ndikuchokera kudimba, wojambulidwa ndi khala, wamng'ono ngati chala, kumapeto kwenikweni kwa khoma. Miyendo yaitali, manja ali lende, mutu wopanda maso, wopanda pakamwa. Ndinakanda dothi n'kuzirapo. Mawa lake anabweranso, atakulako pang'ono, atasendera chakukhomo. Ndinaziranso. Anabweranso.

Mwanayo sindinamupezepo akujambula, ndinkangoona zala zake zili bii. Galu wathu anasiya kugona mbali imeneyo, kaya chifukwa cha chinyontho cha dothi, kaya. Azimayi podutsa ankafulumiza mapazi. Mmodzi, amene timaimba naye kwaya, anandikokera pambali nati, "Anzanga, chithunzi chopanda nkhope chimaitana mwini wake. Akafika pachitseko mudzatani?"

Tsiku limene ndinamupeza atatalika kuposa mwanayo, mtondo uli chafufumimba pansi pake pomwe mwanayo anakwerapo, ndinakwera naye mota, njinga yamoto, kupita kuchipatala ku Furancungo.

Anamwino anamuyang'ana m'makutu ndi kukhosi. "Nada, palibe vuto, amayi. Amamva, lilime lili bwinobwino." Anatilozera kachipinda kakumbuyo, nati muli mayi wina wochokera ku Tete amene amabwera masiku ena kudzaona za maganizo.

M'kachipindamo munalibe fungo la mankhwala. Munali mphasa, mapepala, malapizi ojambulira a mitundumitundu ndi ndowa ya dongo. Makoma onse anali zithunzi za anthu ena: nyumba yopanda khomo, mtsinje wofiira, mayi wa manja ambirimbiri. Ndinatembenukira kwa mayi wa ku Tete uja.

"Adotora, nanga mankhwala ake ali kuti?"

"Ndi omwe mukuwaonawa, amayi."

"Boma linakutumizani kuno kudzaumba ng'ombe zadongo?"

Anaseka mpaka kugwira pamimba. "Amayi anga ondibala amandifunsanso zomwezo." Anandiuza kuti imeneyi ndi ntchito yochita kuphunzira, kuyambira za maganizo a munthu, kenaka za kuchiza ndi zojambula ndi zoumba. Anati alipo anthu amene mawu amawakanika koma dzanja limatha, ndipo si ana okha, amabweranso azibambo a ndevu zawo.

Tikucheza choncho, mwana anali atasankha kale lapizi yakuda. Anasiya yofiira, yobiriwira, zonse zokongola zija. Posakhalitsa munthu uja anali papepala.

"Ndi ameneyo!" ndinatero. "Tandiuzeni, akutanthauza chiyani?"

"Ine si woombeza ula, amayi. Wodziwa ndi mwini chithunzi."

Sanamufunse mwana kuti ameneyu ndani. Anangokhala pambali pake, miyendo tambalale, n'kumajambula nkhuku yake yopindika khosi. Potuluka anandifunsa zomwe ndimachita naye munthuyo kunyumba. Ndinati ndimazirapo.

"Mungamusiyeko mpaka tidzaonanenso?"

"Akalowa m'nyumba?"

"Akalowa mudzandiuze zomwe wachita."

Ndinamusiya. Sizinali zapafupi. Wakale akadalipo, watsopano ankabwera patsogolo pake, mpaka khoma lonse linadzaza anthu opanda nkhope, onse olunjika kukhomo langa. Ndinkasenda nyemba nditawafulatira, koma msana unkadziwa kuti alipo. Womaliza anaima pafupi ndi chitseko, dzanja litatsala pang'ono kukhudza mphuthu. Apo anaima. Sanalowe.

Masana ena ndinaona mzere pansi pa mapazi awo. Unayenda m'munsi mwa khoma, n'kutsikira pansi pomwe mwana anaukanda ndi kamtengo. Ndinautsatira. Unadutsa m'chigafa, masamba a fodya akuchita wayawaya pamutu panga popanda mphepo yomveka, n'kukathera pabwinja, penipeni pomwe panali khomo la nyumba yakale.

Tinapitanso ku Furancungo maulendo angapo. Adotora ankasunga chithunzi chilichonse, osakonza, osanena kuti ichi chakongola. Ulendo wina anatulutsa dongo. Mwana anaumba tinyumba tiwiri, kamodzi n'kukaphwanya ndi chikhatho. Anaumba munthu, namuimika pa kophwanyikako, kenaka n'kumamukankha pang'onopang'ono, kumutembenuzira uku ndi uku.

Adotora anati chapansipansi, "Ndikuona ngati akufunafuna nyumba."

Mwana anadzutsa mutu n'kuwayang'ana m'maso. Anali asanayang'anepo munthu motero chibwerere kwa akulu anga.

Panja adotora anandifunsa, "Kodi iyeyu akudziwa kuti bambo ake ali kuti?"

"Ku Tete," ndinayankha.

"Mwina akuwalozera njira kuti asasochere pobwera. Ndati mwina. Zouza mwana ndi za inu ndi akwanu, amayi. Ine changa n'kukhala nanu pafupi, musanamuuze ngakhale mutamuuza."

Nditawauza atsibweni kuti ndikufuna kumuuza mwana zoona, anakana. "Mwana sauzidwa maliro. Ukufuna azilota?"

"Atsibweni, kulotako akulota kale, dzuwa likuswa mtengo."

Anatafuna fodya wawo osandiyang'ana. Pomaliza anati, "Mwana ngwako. Koma kumanda asapite."

Ndinapita naye pabwinja masana, anthu ali kuminda. Maungu anali atayanga pomwe panali pogona pathu. Tinakhala pachibuma cha khoma lakugwa, ndinamugwira dzanja lakuda lija.

"Mwanawe, atate ako sali ku Tete. Anadwala kwambiri, anamwalira, tinawaika. Sadzabweranso."

Ndinkamva ntchentche zokha m'maluwa a maungu. Ndinaganiza kuti basi, ndamutsekeratu pakamwa mpaka kalekale. Kenaka ndinamva mawu osasa, ngati a nkhalamba, moti ndinayamba ndacheuka kumbuyo ndisanazindikire kuti akuchokera pambali panga.

"Amama, munawauza kuti tinasamuka?"

"Ayi, mwanawe."

"Auzeni."

Ine wa kwaya, wobatizidwa ndili khanda, ndinagwada pakati pa maungu n'kuyamba kuuza mwamuna wanga kuti tsopano tikukhala kuseri kwa chigafa, kanyumba ka khomo loyang'ana kudimba, kuti mwana ali bwino, asade nkhawa. Ndinkanong'ona, kuopa odutsa m'njira.

Anandikoka chitenje.

"Mokweza, amama. Ali kutali."