Dorika ndi nyemba za adada

Moni nonse! Mwana wa mchimwene wathu Chawanangwa wapatsidwa dzina lero kuno ku Mwazisi. Adada, poti ndi agogo akuchimuna, amunyamula n'kunena kuti ndi Dorika, dzina la malemu amayi awo. Nthungululu zokhazokha!

Kenaka alamu, mayi a mwanayo, afufuza pa foni. Akuti ndi dzina la Chigiriki, Angerezi analitenga m'Baibulo, ndipo limatanthauza gwape.

Gwape, abale! Chaka chonsechi adada akhala akuthamangitsana ndi agwape a m'nkhalango ya Vwaza owadyera nyemba. Taseka mpaka misozi. Adada angomuyang'anitsitsa mwanayo, amvekere, "Yewo chomene. Uyu yekha adye, munda ndi wake."

Koma alamu akufuna lisinthidwe asanabatizidwe. Inu mukuti bwanji? Ndipo akawauze adada ndani? Ine ayi!