Simbi ya a Yoramu ndi ndalama ya pulasitiki

A Yoramu akhala akuchapa ndi kusita zovala za anthu pa Manjawira kwa zaka makumi atatu. Msana udapindika kalekale, manja adachita kuyera ndi sopo. Chuma alibe, ndipo chomwe ankanyadira ndi chimodzi basi: simbi yawo yamakala sidawotchepo kanthu ka munthu. Ndalama yoiwalika m'thumba ankaiyanika, kuisita bwinobwino n'kuibweza kwa mwiniwake ili thyathyathya.

Makasitomala adatha pang'onopang'ono, poti masiku ano aliyense ali ndi kasimbi kake. Wokhulupirika yekha amene adatsala adali a Hilary, mphunzitsi wa kusekondale, munthu wa zachilendo. Iwowa amasonkhanitsa ndalama za mayiko ena n'kumazisunga m'buku ngati zithunzi, osagulira ngakhale mchere. Anthu ophunzira ali ndi zawo ndithu.

Loweruka lina a Yoramu adapeza ndalama m'thumba la malaya a aphunzitsiwo, atachapa kale. Yapepala ikadasanduka phala, koma iyi idatuluka m'madzi yosang'ambika, yoterera ngati jumbo ya shuga. Pakona padali kazenera koonekera. Adaikweza kudzuwa n'kuona chala chawo mbali inayo, kambalame kojambulidwa pamenepo kakusinthasintha mtundu. Adaikonda, kunena zoona. Vuto lake n'loti idali itapindika pakati, ndipo a Yoramu sabweza chinthu chopindika.

Adauzira makala, adaiyala pathebulo, adatsitsa simbi. Kudamveka kafungo. Pokweza simbi adapeza kanthu kokwinyika ngati nyama yowamba, kazenera kaja katatsekeka.

Adakhala pampando nthawi yaitali, atatopa mpaka m'mafupa. Akadaitaya m'ngalande palibe akadadziwa. Koma adapinda zovala, nanyamuka ulendo wa kusukulu, kanthuko kali m'manja.

"Aphunzitsi, ndakulakwirani. Ndimati ndikuwongolereni."

A Hilary adakatembenuza kawiri. "Iyi ndi ya pulasitiki, madala. Madzi siiopa, koma moto ayi. Ndidaidikira zaka ziwiri kuti mnzanga anditumizire." Adapuma mozama. "Musadandaule, zimachitika."

Bola akadawakalipira. Ulemu umenewo udawawawa a Yoramu njira yonse yobwerera.

Loweruka lotsatira adadzuka m'mamawa monga mwa masiku onse, adatunga madzi, adakoleza makala m'simbi. Adakhala pakhonde kuyang'ana njira yochokera kusukulu. Mtolo wa zovala za a Hilary sudabwere. Makala adanyeka okha mpaka kusanduka phulusa, ndipo a Yoramu sadaonjezeremo ena.