Kansalu koika pansi pa kapu

Dzulo pamsika wa pa Boma ndinaona tinsalu toluka toika pansi pa makapu, ndipo ndinachita kulavula.

Azakhali anga, anamwino, ananditenga ku Chiosya ndili wamng'ono, ati ndikaphunzire m'tauni. Titafika anandipatsa ulusi woyera ndi singano yolukira yopangidwa ndi sipoko ya njinga.

"Ukaluka kansalu kamodzi kosapindika, uyamba sukulu."

Ine ndinkayesa ndiwo mayeso olowera sukulu za pa Boma. Ndinkaluka khanda lawo lili kumsana, chala chitatupa, ulusi utada ndi thukuta. Ndikawaonetsa, ankangokoka nsonga, konse n'kumasuka.

"Manja ogwira khasu awa! Yambiranso."

Ndinkalira n'kumadziluma zala, poganiza kuti zalazo n'zopusa. Anzanga anafika Sitandade faifi ine ndikuyambirabe.

Zala zanga zinalibe mlandu. Azakhali akanavomera kuti kansaluko kawongoka, mwana wawoyo akanamulera ndani?