Mitu ya Usipa ya Taiga

Chaka chomwe matalala anaboola fodya wathu yense ku Njombwa, ndinauza abambo kuti ine basi, ndikupita ku Joni. Anangoti, "Pita, khasu udzalipeza pomwe walisiya."

Ntchito yomwe ndinakapeza, mpaka lero ndimaseka. Mayi wina wachizungu ankaphunzitsa agalu a mpikisano wolondera, ndipo ine ndinali wolumidwa. Ndithu! Ankandiveka chimkono chokhuthala, galu n'kuthamanga, n'kundigwira. Chomwe chinkandizunguza mutu n'chakuti mayiyo akangoti "Siya," chigalu chija chinkatsegula kukamwa pompo, n'kupatsidwa kampira. Tsiku lina ndinamufunsa komwe amabisa ndodo. Anati kuluma galu aliyense amatha, mpikisano wagona pa kusiya, ndipo ukamumenya atagwira amangolimbitsa mano. Unyolo ankakoka ndithu, koma mwa apo ndi apo, galu akalakwira dala zomwe akudziwa kale.

Ndinakhalako zaka zinayi. Ndalama ndinkatumiza pafoni, amayi n'kuyankha kuti talandira, kuno kwagwa mvula. Lamulungu ndinkasowa woyankhula naye Chichewa, mpaka ndinkacheza ndi agalu. Kumudzi ndinkakusowa koopsa.

Nditabwerera ndinapeza abambo ali ndi galu wolondera chigafa cha fodya, dzina lake Taiga. Ankamutsekera m'kakhola kamdima tsiku lonse, chakudya chothira tsabola, ati aluse. Anali ataluma kale mlangizi wa zaulimi, ndipo abambo analumbira kuti akadzangobwereza, amupha. Ine ndi nzeru zanga za kunja ndinati, "Ndipatseni milungu iwiri." Ndinasoka chimkono cha chiguduli ndi kampira ka nsanza. Taiga ankangondiyang'ana ngati ndapenga. Kampirako sanakanunkhize n'komwe, ndipo ndinkadabwa kuti galu ameneyu amafuna chiyani.

M'mawa wina tikusankha fodya, Taiga anathyola chitseko n'kugwira chitenje cha mayi wina wa matenanti a ku Mulanje, mwana ali kumsana. Abambo anatola mpini. Kumenya, galu kulimbitsa. Ine ndi "Siya! Siya!" wanga wa ku Joni, olo kutembenuka. Ndinachita mantha, ndinadziwa kuti galuyu wafa lero.

Amayi anatuluka m'chigafa osathamanga. "Taiga, iwe, tabwera kuno." Anamasula mfundo ya chitenje chawo, n'kutulutsa mitu ya usipa. Galu anasiya, n'kukakhala pamapazi pawo. Mayi uja chitenje chokha n'chomwe chinang'ambika.

Abambo anatsitsa mpini. "Kodi mwayamba liti zimenezi?"

"Chibwerereni galuyu. Mukapita kumunda ndimamutsegulira. Akabwera nditamuitana, amadya. Akapanda kubwera, mitu ndimabweza m'chitenje."

Ndinawauza kuti mzungu uja ankapambana zikho ndi njira yomweyo. Amayi anaseka mpaka kugwira m'chiuno.

"Ndiye zaka zinayi unkalumidwa kuti udziwe zimenezi? Iweyo uli mwana, abambo ako akakukwapula unkathawira kudambo. Unkabwerera chikwapu, kapena mtedza wanga wokazinga?"

Abambo anakabwezera mpini uja ku khasu lake. Linali langa lija, pomwe ndinalisiya. Taiga alipobe, ndipo masiku ano abambo popita kuchigafa thumba la malaya awo limanunkha usipa.