Kalata Yoperekeza Maliro

Musandiuze za mpingo ine. Anthu amati chipembedzo ndi mpanda wotchinga kuti tisaole ndi moyo wa m'tauni. Chabwino, autame amene mpandawo sunawagwere.

Nditafika ku Durban anandilandira ndi achemwali anga, oyamba kubadwa kwathu. Iwo anali atakhalitsa pa ntchito ya m'nyumba pa fulati ina ku Musgrave. Lamlungu loyamba ananditengera ku tchalitchi cha Amalawi ku Cato Manor, kachisakasa ka malata komwe tinkapemphera mothinana. Ndisaname, ndinalira ndi chimwemwe. Sabata yonse m'takisi tinkangoti "yebo, yebo" mutu uli pansi kuopa kuti atizindikira kuti ndife alendo, koma m'malatamo tinkaimba Chichewa mpaka kukhosi gwa! Ngakhale ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi amayi a mumpingo momwemo.

Wotsogolera anali bambo wina wachikulire, wa ntchito ya m'gadeni, ife tinkangoti akulu ampingo. Ulaliki wawo unali umodzi chaka chonse: Joni waola, atsikana avala mathalauza, anyamata aboola makutu, mabanja akutha ngati makatani. Ankati popanda mpingo tonse tikanakhala agalu. Ine ndinkavomera kuti "ameni" mokweza kuposa onse.

Ndiye mwamuna wa madamu a achemwali anafa ziwalo, ndipo pankafunika munthu womusambitsa ngakhale Lamlungu. Achemwali anayamba kujomba ku tchalitchi. Kuwonjezera apo anatengana ndi telala wina wa ku Mangochi, Msilamu, yemwe ankasoka pakhonde la shopu ku KwaMashu. Munthu wofatsa ngati nkhosa, sanawamenyepo, sanawaletsepo kupemphera. Koma akulu ampingo anaimirira kutsogolo n'kulengeza kuti achemwali adulidwa. Munthu wodulidwa sadya mgonero, ndipo akafa mpingo suimba pa maliro ake.

Achemwali anangoseka. "Awo akudula anthu, nanga nkhalamba ija akaisambitsa ndi iwowo?"

Patapita zaka ziwiri anadwala chifuwa, n'kumwalira kuchipatala. Alamu anga aja ndi anzawo a ku mzikiti ndi amene anathamanga ndi mapepala, kupeza bokosi ndi galimoto yonyamula mtembo. Amumpingo anabwera kudzapepesa, n'kukhala duu, osayambitsa nyimbo ngakhale imodzi.

Mtembo ukamachoka kuno kupita kumudzi umapita ndi kalata ya mpingo, yochitira umboni kuti malemuyo anali Mkhristu. Ikasowa, akulu akumudzi amayamba kukokana, aimbe kapena asaimbe. Mayi athu ndi munthu amene waimba pa maliro a mudzi wonse, atavala bulauzi yoyera, mvula kapena dzuwa. Pafoni sanafunse za bokosi, sanafunse za ulendo. Anati, "Mwanawe, kalata. Mwana wanga asakalowe m'manda ngati nkhuku."

Ndinapita kumene akulu ampingo ankagwira ntchito. Ndinawapeza akudulira maluwa, ndipo ndinagwada pakapinga wa mzungu, mzimayi wamkulumkulu ine.

"Abambo, ndabwera ndi pempho."

"Ndikulidziwa. Mukufuna ndiname pamaso pa Mulungu?"

"Musaname, abambo. Mungolemba kuti anabatizidwa, anali mwana wa mpingo. Ndi bodza limenelo? Malata a tchalitchi chija ena anasenza ndi iwo pamutu."

"Tikafewetsa pa mmodzi, mawa atsikana onse akwatiwa ndi Asilamu. Mpanda ukaboola pamodzi mbuzi zonse zimatulukira pomwepo."

"Mbuziyo yafa, abambo. Siitulukanso."

Anatsitsa sizasi. Kenako anati ndibwere mawa.

Mawa lake anandipatsa envelopu yomata bwinobwino, pamwamba atalembapo kuti ipite kwa abusa a kwathu. "Ndalemba, mayi. Pitani mumtendere." Eish, mmene ndinathokozera! Ndinaomba m'manja, ndinawatcha munthu wa Mulungu. Ndisanafike n'komwe pokwerera takisi ndinali nditawaimbira kale mayi kuti kalata yapezeka, auze amayi anzawo achape zoyera.

Ine sindikanatha kuperekeza maliro chifukwa masiku a mu pasipoti yanga anali atatha kalekale. Woperekeza anali alamu. Ndikuwapatsa envelopuyo, anaitembenuza uku ndi uku.

"Mlamu, bwanji titsegule tione kaye?"

Ndinawakalipira. Ndinati kalata ya mpingo satsegula munthu wamba. Mumtima ndinawonjeza kuti Msilamu angadziwe chiyani za zinthu zathu. Iwo anangoti pepani, n'kuiika m'thumba la malaya, ndipo anayenda nayo masiku atatu pamsewu.

Tsiku loika maliro ndinali pa ntchito. Ndinadzitsekera m'kachipinda kochapira, n'kuimba foni kwa alamu kuti ndimve nawo mwambo. Ndinamva kulira. Ndinamva makasu. Ndinadikira kuti wina ayambitse nyimbo, ndinadikira mpaka khutu linatentha. Ndinaganiza kuti mwina ndi netiweki.

Kenako alamu anayankhula motsitsa mawu. Anati abusa anatsegula kalata ija pamaso pa akulu ndi achibale. Munalembedwa kuti malemuyo anadulidwa chifukwa chonyoza tsiku la Ambuye ndi kukhala ndi mwamuna wachikunja, ndipo anafa asanalape. Amayi ovala zoyera aja, omwe anali atafola kale, anabwerera mmodzimmodzi kukakhala pansi pamtengo.

Mpaka lero ndili ndi mkwiyo, ndipo sindiubisa. Bambo uja akulalikirabe ku Cato Manor, akuti dziko laola. Mwina laoladi. Koma amene anandipweteka ine sanavale ndolo, sanaledzere, anali ndi Baibulo m'khwapa ndi cholembera m'thumba. Ndipo wonyamula mpeni wake ndinali ine, ndikuthokoza.

Foni ija alamu anaipereka kwa mayi. Sanalire, mawu awo anali ouma.

"Mwanawe, kalata ija unaiwerenga?"

"Ayi, amayi."

Makasu ankamveka kumbuyo kwawo.

"Bola ukanangotumiza mtembo wokha. Abusa akuti popanda kalata akanaimba, sakanadziwa kanthu."