Chifuwa cha a Muhowa

A Peterson Muhowa anagwira ntchito zaka makumi awiri ndi zinayi akuponya nkhuni za bulugamu m'ng'anjo ya fakitale ya tiyi. Atapuma ntchito anakakhala ku Thyolo Boma, kuseri kwa msika, ali ndi chifuwa chomwe chinkadziwa za nyengo kuposa wailesi.

Chiperoni chikamayandikira, mphepo inkayamba yaima kaye. Utsi wa mbaula, wa zinyalala zotenthedwa ndi wa maminibasi a ku Limbe sunkakwera, unkangoti tayale pamadenga. Apo a Muhowa ankayamba kutsokomola, kutatsala tsiku lathunthu kuti nkhungu ndi mawawa zifike.

Anthu anazindikira. Amayi ofuna kuchapa ankaima pampanda m'mawa kumvetsera. Akatsokomola kawiri, ankachapa zopepuka zokha. Akatsokomola mpaka kugwira khoma, mabulangete ankabwerera m'nyumba osanyowa. A Stambuli, oyendetsa lole, ankaimba kuchokera ku Masambanjati asanapakire nthochi, n'kupempha kuti foniyo iikidwe pachifuwa.

Akazi a bambo Muhowa, a Fainess, zinawatopetsa, poti ndiwo ankaona amuna awo akubanika. Anawakokera kuchipatala. Namwino, a Mildred, anawapima n'kupukusa mutu.

"Bambo, kukazizira mphepo n'kuima, utsi wonse umatsekeredwa pansi, inu n'kumapuma womwewo. Masiku otero muzitalikira mbaula."

Anawapatsa kabotolo ka mankhwala opopera m'kamwa, chifuwa chija n'kuleka.

Sabata yotsatira chiperoni chinafika popanda wochenjeza. Zovala zinakhala pazingwe masiku anayi osauma. Ufa wa a Queen, oyandikana nawo nyumba, unachita chuku. Lole ya a Stambuli inatitimira m'matope ndi nthochi zomwe.

Loweruka kunabwera anthu asanu ndi awiri, a Stambuli ali patsogolo, chipewa chili m'manja.

"Achimwene, sitikuti musiye mankhwala ayi. Koma bwanji Lamlungu ndi Lachitatu mutamadumphitsako?"

A Muhowa anayamba kuiganizira ndithu nkhaniyo. Chibadwire anali asanafunidwepo chonchi. Asanayankhe, a Fainess anatulukira ndi tsache.

"Kodi amuna angawa mwawasandutsa wailesi? Tiyeni, aliyense kwawo!"

Anthuwo anayesa kudalira a Benard, osoka nsapato, amene amasuta fodya wa chingambwe. Koma a Benard amatsokomola tsiku lililonse, ngakhale mu Okutobala, moti mzere wina wa nyumba unatha milungu itatu osachapa.

Pano a Muhowa amakwera chitunda cha kumsika osapumira panjira. A Queen sawapatsabe moni.