Mitengo isanu ndi iwiri ya a Belita

A Belita anathyola tiyi ku esiteti ya ku Mulanje zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Mawondo atayamba kukana, anabwerera kwawo kunsi kwa Michesi ndi ndowa, bulangete, ndi mbande zisanu ndi ziwiri za tiyi. Anazibzala m'mbali mwa kamtsinje, pomwe chinyontho chimafika mpaka Okutobala.

Masamba ankawafikisa ndi manja m'lichero n'kuwayanika. Chaka china chiperoni chinagwa sabata yathunthu, dzuwa osatuluka. Iwo anachita zomwe amayi awo ankachita ndi makaka: anaunjika masambawo n'kuwavundikira ndi masamba a nthochi mpaka atada. Dzuwa litabwerera anawaumitsa, n'kuwatsekera mumtsuko kuseri kwa chitseko. Panapita madzinja awiri. Atavundukula, munatuluka fungo la nthaka imene yangolawa mvula yoyamba. Kuyambira pamenepo, chiperoni chilichonse ankadzaza mtsuko umodzi.

Alongo awo a Fletcher, eni mbumba, ankaona malo ongowonongeka.

"Achemwali, mitengo iyi sidyetsa munthu. Mvula ikagwa ndizula, tibzalepo nandolo."

"Munabzala ndinu?"

"Nanga zovundazi amwa ndani? Ngakhale mbuzi imayamba yanunkhiza."

"Akapezeka wakumwa?"

"Wamisala woteroyo akapezeka, khasu ndisiya."

Unali mwezi wa dzuwa, fumbi lili koboo pamsewu. A Belita anamanga tiyi pakansalu n'kukwera kabaza kupita ku Migowi, ku lesitilanti ya mayi Loyce, komwe aphunzitsi ndi anamwino amadyera masana. Pabolodi panalembedwa ndi choko: tiyi, thobwa, khofi. Mawu omalizawo anali atafufutidwa ndi chala, chifukwa khofi anali atasowa kwa miyezi.

Mayi Loyce ananunkhiza, n'kukwinya mphuno.

"Mayi, mukufuna anditsekere malo? Izi zachita chuku."

"Chuku chimaoneka, mwanawe. Yang'anitsitsa. Ndipatse madzi owira basi."

A Belita anathira madzi oyamba n'kuwataya, monga potsuka mpunga. Achiwiri anatuluka ofiirira mpaka kuda.

Pakona panakhala a Temwa, namwino wochokera ku Misuku, amene anakulira m'munda wa khofi wa bambo awo. Tsiku lililonse ankafunsa khofi, tsiku lililonse ankauzidwa kuti mawa. Anatambasula dzanja, kutenga kapu, n'kumwa.

"Uyu si khofi," anatero.

A Belita anayamba kupinda kansalu kawo.

"Dikirani, amama. Sindinati ndi woipa. Akukhala pakamwa, sakuthawa ngati tiyi wa m'mapaketi. Thiraninso. Shuga ayi."

Masamba omwewo anawathira madzi kanayi, osasuluka. Mayi Loyce analawa kakapu, kuyang'ana kudenga, kenako kutola choko. Pamalo ofufutidwa aja analemba kuti: tiyi wa mumtsuko.

"Mundibweretsere mitsuko itatu."

"Wakupsa ndi umodzi. Winawo ukudikira dzinja lake."

"Simungafulumizitse?"

"Mango umawafulumizitsa?"

Mvula inagwa pakati pa Novembala. M'mawa mwake ngumbi zili mbuu, a Fletcher anatsikira kukamtsinje khasu lili paphewa. Anapeza njinga yamoto itaima panjira, ndi mayi wovala yunifomu yoyera akuphunzira kuthyola: masamba awiri ndi kansonga.

"Achimwene, wamisala wanu uja ndi uyu," anatero a Belita. "Amabaya jakisoni, muyankhule bwino."

A Fletcher anapereka moni. Anaima kanthawi, kuyang'ana mitengo, kuyang'ana khasu. Kenako anawerama n'kuyamba kupalira udzu m'tsinde mwa mtengo woyamba, uku akung'ung'udza kuti munda wa achemwali awo ukuchititsa manyazi.

Nandolo anabzala kumtunda. Tiyiyo mpaka lero sanamulawe.